Moni wa Chilomwe

"Ndikufunsa kachitatu, bambo a Loyce. Mwana wanga munakamusiya mudzi uti?"

"Tsitsani mawu, mayi. Anthu akumva."

"Amve! Makutuwo anawapatsa ndi Mulungu, si inu."

Ine ndinali pakhonde panga kupeta nandolo. Nyumba yanga ndi ya achemwali anga a Lenia n'zoyang'anizana, poti kwathu kuno kwa Chiwalo ana aakazi timamanga pamalo a mayi athu, amuna ndiwo amabwera. Ndiye musati Aliness ndi wamiseche. Mkanganowo unkandipeza wokha palichero.

"Ali kwa mlongo wanga, kutsidya kwa malire," anatero alamu anga a Wilson. "Akudya, akumwa. Mukufunanso chiyani?"

"Mozambiki ndi dziko, si khonde. Mudzi wake ndi uti? Mukudziwa kuti kwanuko sindinapondeko."

"Mukaudziwa mukatani? Mukamutenge ndi mimba yakeyo, mudzayende naye pamsika?"

"Mimbayo anaigula pamsika? Si ya ahedi anuwo, a Lawrence? Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, wa Sitandade 8, amamuitana kukasesa mu ofesi anzake ataweruka, inu muli pageti ndi makiyi m'thumba!"

A Wilson anali mlonda wa pasukulu. Ulonda wa pasukulupo anaupeza chaka chatha, ndipo anawapatsa ndi a Lawrence omwewo. Atayankha, mawu awo anali a munthu wotopa.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mayi. Tikamuswa munthu uja taswa sukulu. Abungwe othandiza sukulu aja analonjeza mjigo ndi chipinda chosinthiramo atsikana chifukwa sukulu yathu yatha zaka ziwiri popanda mtsikana wotenga mimba. Mudzi wonse ukudikira madzi amenewo. Achimwene anu a Kaliati, eni mbumba, avomera. Mwamuna wapezeka kutsidyako, Loweruka lomaliza mwezi uno akamutenga. Mwana akabadwa ali ndi bambo."

"Mwamuna wa akazi awiri kale! Wamkulu kuposa inu!"

"Ine ndine mkamwini. Mwanayo ndi wa mbumba yanu, si wanga. Ndanyamula panjinga chifukwa eni ake anandituma."

Mawu amenewo anandilasa ngakhale ine. Munthu amene ankamubereka Loyce kumsana popita naye kusikelo, lero ati si wake! Ndinangomva ndowa ikugwa, kenako a Wilson anatuluka ndi njinga yawo osandipatsa moni.

Tsiku lomwelo masana kunabwera a Fainess, wapampando wa gulu lathu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu. A Fainess ndi achemwali anavinidwa limodzi, anakwatiwa chaka chimodzi, mchere amabwerekana osawerenga. Anakhala pamphasa n'kutulutsa zitenje ziwiri zatsopano za bungwe.

"Ulendo uja ndi wa Lachinayi," anatero. "Amayi khumi. Akatijambula pa pulogalamu ya zokambirana ya pa kanema ku Blantyre. Mayi Temwa a kubungwe anakusankha ndi dzina, Lenia, kuti ukapereke moni m'Chilomwe pomaliza. Akuti Chilomwe chako n'chosasukuluka."

"Ndikapereke moni mwana wanga ali kuthengo?"

"Iwe, ukatsala afunsa chifukwa. Akafunsa, tiyankha chiyani?"

"Muyankha zomwe munalemba m'kaundula. Simunalembe kuti Loyce anasamuka? Ndiye nanenso ndasamuka."

A Fainess anagwira mkono wa mnzawo. "Ukuyesa ine sindikumva kuwawa? Koma taganiza za atsikana mazana atatu aja, otunga madzi kudambo m'mawa uliwonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pirira, mjigo ukakumbidwa tidzaona chochita."

"Mjigo akumba liti?"

"Mwina mvula ikatha."

"Loyce akumupereka liti?"

A Fainess anayang'ana pansi. Ine ndinati achemwali aponya chitenjecho pamoto. Koma anachitenga, n'kuchipinda bwinobwino.

"Ndipita," anatero. "Mwina Mayi Temwa ndikawapeza paokha."

"Lenia! Lumbira kuti sukatsegula pakamwa."

"Mawu mwandipatsa ndi moni basi. Ndikanenanso chiyani?"

Lachinayi minibasi inatipeza pasukulu dzuwa likungotuluka. A Lawrence anatiperekeza mpaka pakhomo la galimoto, atavala tayi yofiira, akugwira aliyense chanza. Iwo ndi ochokera kuchigawo chapakati, anabwera kuno zaka zinayi zapitazo, ndipo Chilomwe amati ndi chiyankhulo cha mbalame. Atafika pa achemwali anatambasula dzanja. Achemwali anawerama ngati akukonza patapata mpaka dzanjalo linabwerera lokha m'thumba.

M'galimoto a Fainess anakonza malo mochenjera. Mayi Temwa kutsogolo ndi dalaivala, achemwali kumpando wakumbuyo kwenikweni pakona, ine pambali pawo, iwo eni pafupi ndi chitseko ngati mlonda. Amayi ambiri kanali koyamba kupita ku Blantyre, moti nyimbo zinayamba tisanafike pa Migowi. A Bertha, omwe ndi amayi achikulire oseketsa, anafunsa ngati pa kanema munthu amaoneka ndi fungo lake lomwe, poti iwo anadzola mafuta a mdzukulu wawo. Galimoto yonse inafa nako kuseka, kupatula pakona pathu.

Titadutsa pa Chitakale, Mayi Temwa anatembenuka ndi pepala m'manja.

"Tiyeni tibwereze, amayi. Akafunsa kuti atsikana angati asiya sukulu chifukwa cha mimba, muyankha bwanji?"

"Palibe!" tinayankha pamodzi. Inde, nanenso ndinayankha. Sindibisa.

"Nanga amene dzina lake lachoka m'kaundula chaka chino?"

"Anasamuka!"

Ndinamva zikhadabo za achemwali zikulowa m'ntchafu mwanga. Maso awo anali pawindo, kuyang'ana minda ya tiyi, koma sindikhulupirira kuti ankaona kanthu.

Ku Limbe tinaima kuti tipite kuchimbudzi. Achemwali anatsika msanga n'kulunjika kumene kunali Mayi Temwa, koma a Fainess anali atafika kale, atawakola mkono ngati mkwatibwi ndi namkungwi wake. Mpaka tinakweranso osawasiya. Apo ndinadziwa kuti mwayi wa achemwali watha, ndipo ndichite manyazi kunena, mtima wanga unakhala pansi. Ndinkaopa. Mwamuna wanga ali mu komiti ya sukulu, ana anga awiri ali pasukulu pomwepo.

Nyumba yojambuliramo inali yozizira ngati mwezi wa Juni, magetsi owala mpaka kuboola maso. Anatikhazika pamipando yotsetsereka pamodzi ndi amayi a maboma ena. Mayi woyendetsa pulogalamu, a Selestina, anali wokongola zedi, nsidze zojambula, mawu osalala. Tisanayambe kunabwera bambo wina wovala zomvera kumakutu.

"Musaope, amayi," anatero. "Izi sizikuulutsidwa lero. Tikujambula kaye, zidzaoneka Lamulungu la sabata yamawa masana. Mukalakwitsa timadula."

Kudulako tinakuona ndi maso. Mayi wina wa boma lina, atapatsidwa maikolofoni, anayamba kunena za mkulu wina wa kwawo amene anawononga mwana wa mchemwali wake, mpaka kumutchula dzina. Bambo wa zomvera uja anakweza dzanja.

"Imani! Pepani mayi, maina ayi. Tilibe umboni, angatisumire. Tidula pamenepo. Yambiraninso, munene za ubwino wa maphunziro."

Mayi uja anayambiranso, n'kunena za ubwino wa maphunziro. Achemwali anandiyandikira kukhutu.

"Aliness, amadula zimene amva?"

"Nanga adule zimene sanamve?" ndinatero osaganiza. Pakamwa pangapa, Mulungu andikhululukire.

A Fainess anayankhula bwino, osaphonya liwu. Anatamanda mafumu, anatamanda makolo, anatamanda ahedi a Lawrence kuti ndi bambo wa atsikana onse. Anthu anaomba m'manja. Kenako a Selestina anayenda ndi maikolofoni kubwera kumene tinakhala.

"Tisanatseke, tili ndi mayi wochokera ku Phalombe amene atipatse moni ndi kutitsazika m'chiyankhulo chathu chokoma cha Chilomwe. Mayi Lenia, bwalo ndi lanu."

Achemwali anaimirira, anakonza chitenje, n'kumwetulira. Kumwetulira kumene ndinali ndisanakuone mwezi wathunthu. Anayamba ndi moni weniweni, wa m'mawa, uja amadziwa aliyense, ndipo anthu angapo m'chipindamo anayankha mokondwa. Kenako, ndi nkhope yomweyo, ndi kamvekedwe komweko ka munthu wodalitsa alendo, anapitiriza m'Chilomwe chakuya cha agogo athu. Ndikuuzani m'Chichewa zimene ananena.

"Abale anga a kwa Chiwalo, a kwa Kaduya, a kwa Mkhumba, inu amene mukundimva. Ine ndine Lenia, mayi wa Loyce. Mwana wanga sanasamuke. Ali ndi mimba, ndipo mwini mimbayo ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pathu, Lawrence. Anamubisa kutsidya kwa malire, ndipo Loweruka lomaliza mwezi uno akumupereka kwa mwamuna wa akazi awiri. Bambo ake akudziwa mudzi. Ine sindikuudziwa. Amene waona mwana wanga amuuze kuti mayi ake sanamutaye. Tsalani bwino."

Anawerama mwaulemu n'kukhala pansi. Chipinda chonse m'manja phwaphwaphwa! A Selestina anagwira pamtima. "Ha, chiyankhulo chokoma bwanji! Tisataye zikhalidwe zathu, abale." Bambo wa zomvera anakweza chala chachikulu. Blantyre yadzaza Alomwe, inde, koma Chilomwe cha m'tauni chimathera pa moni. Amene tinamva tinali ife khumi, ndipo palibe mmodzi mwa ife anaomba m'manja. A Bertha anangoti pakamwa yasa.

Pobwerera munalibe nyimbo. Titatuluka mu Limbe, Mayi Temwa anatembenuka akusekerera.

"Amayi, mwandinyaditsa. Koma moni uja unali wautali! Ine wa ku Rumphi ndinangomva Loyce ndi Lawrence. Amati chiyani?"

Tonse tinayang'ana kwa a Fainess. Dalaivala yekha ndiye ankaimba kamluzu.

"Amadalitsa sukulu," anatero a Fainess, mawu ouma. "Amathokoza ahedi chifukwa chophunzitsa mwana wawo."

Pa Chitakale Mayi Temwa anatsika kukagula nanazi. Chitseko chitangotsekeka, a Fainess anatembenuka, n'kuyamba m'Chilomwe kuti dalaivala asamve.

"Watipha, Lenia! Unalumbira!"

"Ndinati ndipereka moni. Sindinapereke?"

"Ndiwauza adule. Ndiwauza pompano."

"Auze. Akufunsa kuti adule chifukwa chiyani, ndiye uwamasulire wekha. Liwu ndi liwu, Fainess. Ine ndikhala pano kukuthandiza pomwe waiwala."

Misozi ya a Fainess inatsika. "Mjigo uja wapita. Udzamwa chiyani, iwe? Udzayenda bwanji m'mudzi? Ndi mwana wako yemwe wamuvula pagulu, dziko lonse lidziwa za mimba yake."

"Mimba sibisika, mnzanga. Chobisika ndi mwana, ndipo ndi chimene mwachita. Ukuyesa sindinaganize? Adzandida mwina. Bola adzandide ali pakhomo panga."

"Akanakhala wako, Fainess?" anafunsa a Bertha mwakachetechete. "Chaona mnzako chapita."

Mayi Temwa anabwera ndi nanazi, natigawira tonse.

Masiku khumi otsatirawo sindidzawaiwala. Amati akazi sasunga chinsinsi. Bodza! Amayi khumi, ndipo palibe anauza mwamuna wake. Ena ankaopa, ena ankayembekeza kuti a kanema adula moniwo chifukwa cha kutalika, ena, ndikuganiza, ankafuna kuona chimene chichitike. A Fainess anayesa kuuza ahedi kuti aliyense akaonere kwawo, koma a Lawrence anakana. Anati ulemu wa sukulu uyenera kuonedwa ndi mudzi wonse. Achemwali ankangopita kudimba n'kubwerera, osayankhula ndi munthu. A Wilson ankayesa mkazi wawo wagonja, mpaka tsiku lina anabwera ndi nsapato zatsopano zoti Loyce akavale pa Loweruka lija.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, bwalo la sukulu linadzaza. A Lawrence anatulutsa kanema wawo wamkulu, anamuika patebulo pansi pa mtengo wa mango, batire la sola pambali. Mipando yakutsogolo kunakhala iwo, Mayi Temwa, a komiti ndi achimwene athu a Kaliati. A Wilson anaima pambali pa tebulo kuthamangitsa ana oyandikira waya. Ife amayi tinakhala pansi.

Pulogalamu inayamba. Nkhope ya a Bertha itaoneka ana anakuwa, anthu anaseka. A Fainess a pa kanema atati ahedi ndi bambo wa atsikana onse, a Lawrence anaimirira n'kuweramira anthu. A Fainess enieni anali ataphimba nkhope ndi chitenje. Nthawi inkatha, ine n'kumati mwina adula, Ambuye, mwina adula. Sindikudziwa ngati ndinkapempha kuti adule kapena asadule.

Sanadule. Achemwali anadzaza kanema yense ndi kumwetulira kuja. Pa moni woyamba bwalo lonse linayankha mosangalala, nthungululu zinamveka. Kenako nthungululuzo zinafa imodziimodzi. Azibambo achikulire anavula zipewa. Achinyamata amene Chilomwe amachimva mwa apo ndi apo ankafunsa amayi awo, amayiwo n'kuwatsina kuti akhale chete. A Kaliati anayang'ana nsapato zawo. Mawu atatha, m'bwalo lonse lija munamveka kuomba m'manja kwa anthu awiri okha, Mayi Temwa ndi a Lawrence.

Mayi Temwa anasiya msanga ataona nkhope zathu. A Lawrence anapitiriza pang'ono, akuseka.

"Ndamva dzina langa pamenepo!" anatero mokweza. "Inu anthu, simuomba m'manja bwanji? A Wilson, bwerani kuno. Akazi anu andinenera zabwino zotani? Tamasulirani, alendo amve."

A Wilson sanasunthe. Maso awo anali pa kanema pomwe panali patayamba kale zotsatsa sopo.

"A Wilson! Mwagontha? Ndati masulirani."

Alamu anga anayang'ana a Kaliati, koma a Kaliati sanadzutse mutu. Anayang'ana achemwali. Achemwali anawayang'ananso, osaphethira. Ndiye a Wilson anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo kwa mipando.

"Akuti moni," anatero.

"Eya, ndiye?"

"Akuti Loyce sanasamuke. Akuti ali ndi mimba, ndipo mimbayo ndi yanu, ahedi. Akuti anabisidwa ku Mozambiki kuti akakwatiwe Loweruka likudzali. Akuti bambo ake akudziwa mudzi."

"Bodza! Mayi ameneyu ndi wamisala! Inu a komiti—"

"Sindinamalize, bwana. Izo ndi za mayi ake. Zanga ndi izi. Ndinamunyamula ndine, panjinga yanga, akulira njira yonse. Pa malire anandigwira malaya nati, ababa, ndalakwa chiyani? Sindinamuyankhe. Mwana wanga. Mwana wanga ine, woyamba."

Anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi a sukulu, nawaika patebulo pafupi ndi kanema. Mayi Temwa anali ataimirira kale, foni kukhutu, nkhope itasintha. A Lawrence anafuna kudutsa kupita kunyumba kwawo, koma a Bertha ndi amayi ena anali atakhala pansi pakhomo penipeni, miyendo atatambasula. Sanawakhudze, sanawatukwane. Anangokhala. Womaliza kukakhala nawo anali a Fainess.

A Wilson anakankha njinga mpaka pamene panali achemwali.

"Kwerani, mayi a Loyce. Mukaidziwe njira."

Loyce anafika Lachiwiri masana ali pakaliyala, mayi ake akuyenda pansi pambali pake, mapazi atatupa. Mwanayo sanayankhule ndi munthu sabata yathunthu, ndipo bambo ake mpaka pano amawayankha ndi mutu wokha. Koma mayeso a Sitandade 8 akuti adzalemba chaka chamawa, mwana adzatsala ndi ine. Nkhani ya a Lawrence ili kukhoti.

Mjigo sunabwere. Abungwe anati ayambe aunikanso kaundula yense, ndipo ataunika anapeza kuti atsikana osamuka ngati Loyce pasukulu pathu analipo asanu ndi mmodzi. Timatungabe kudambo, ndipo kudamboko alipo amayi amene akaona achemwali amatembenuza nkhope, osawapatsa moni. Tsiku lina zinandipweteka, ndinati ndiwayankhe. Achemwali anandigwira mkono, nandisenzetsa ndowa.

"Asiye, Aliness," anatero. "Moni wanga ndinapereka kale, ndipo amene ndinkamufuna anayankha."